Pholo la ku Matawale

Lolemba

Sabata yomaliza! Ntchito ya Mzinda Wamakono ikutsekedwa Lachisanu. Lolemba likubwerali ndikayamba ntchito ku Blantyre, kumene amake Tamanda ndi ana akhala akundidikira mpaka kutopa. Kuno ku Sadzi, mu Zomba muno, katundu ndamanga kale. Ndangosiya mbale imodzi, supuni ndi bulangeti.

Chatsala n'chimodzi basi: kupereka pholo.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndidzaseka ndikadzakalamba. Pholo lathu lili pamphambano ku Matawale. Pamwamba pali sola, m'munsi mwake nyali, kamera, ndi kachimkuzamawu kochenjeza anthu madzi akasefukira. Zimene kamera ikuona zimakwera kuphiri, n'kutsikira pa kanema wamkulu muofesi mwathu. Mapolo amayenera kukhala ambiri, mzinda wonse mpaka ku Songani. Linabwera limodzi loyesera. Enawo akuti ali m'gawo lachiwiri, koma gawo lachiwirilo palibe analionapo.

Lachisanu kukubwera akuluakulu a ku likulu. Adula riboni, pholo lichoka m'manja mwathu kupita kwa a ku Zosamalira, ofesi yoyang'anira zipangizo za mzinda. Iwowo salandira chinthu chakufa, komanso salandira chinthu popanda mwambo. Akalandira, tonse ndife omasuka.

M'mawa ndikuyatsa kanema. Bii!

Ndikuzimitsa, ndikuyatsanso. Bii!

Kabaza, liwiro, ku Matawale. Pholo lilipo, palibe waba kanthu. Koma mtengo wa mango wapafupi wakula, ndipo nthambi imodzi yagona pamwamba pa sola ngati ambulera. Dzuwa silikufika, batire latha. Nthambi imodzi yokha! Ndikubwerera kuofesi ndikuimba mluzu.

A Nyirongo, bwana wathu, sakuseka. Akuti: "Musaigwire. Mwamva? M'boma muno chinthu chikafa, mwini wake ndi amene wachigwira komaliza." Kenako akuloza ndi mlomo kumapeto kwa khonde.

Kumapeto kwa khonde kumakhala a Likoswe. Anabwera ali mnyamata, zipani zitangoyamba kuchuluka, kudzathandiza pantchito ina ya makompyuta. Tsiku lina kompyuta inazima, iwo mwaufulu wawo anatsegula kumbuyo n'kupukuta fumbi. Ntchitoyo itatsekedwa anzawo onse anapita, iwo anauzidwa kuti ayambe asunga makompyutawo mpaka mwambo wopereka utachitika. Mpaka lero akusungabe. Mutu uli mbuu ndi imvi, makompyuta anawafunditsa nsalu, makiyi ali m'khosi. Ndikamadutsa pakhomo pawo ndimayenda msanga.

Mluzu watha.

Pulani:
- Mawa: kupeza woyenera kudula nthambi.
- Lachitatu: woyenerayo adule.
- Lachinayi: dzuwa.
- Lachisanu: riboni.
- Ine: manja m'thumba sabata yonse!

Lachiwiri

Nsapato zatha lero.

A misewu: akuvomera kuti pholo lili m'malire a msewu. Koma mtengo uli kunja kwa malire, ndipo nthambi ili m'mwamba. "Ife zathu ndi phula ndi ngalande, achimwene. Zam'mwamba si zathu."

A magetsi: makwerero ali nawo, aatali okongola, atsamira khoma osagwira ntchito. Ndikuwayang'ana mpaka malovu kudzadza m'kamwa. "Lili ndi waya wathu? Ayi? Ndiye ndi la dzuwa limenelo. Kafunseni eni dzuwa."

A zankhalango: amayi aulemu kwambiri, andipatsa mpando. "Ukanakhala mbawa tikanakumangitsani. Poti ndi mango, sitikukudziwani."

A chitetezo: kamera adzayamba kuisamala ikadzayamba kuona.

Kontilakitala amene anadzala pholo: foni yake akuyankha mayi wina wogulitsa usipa. Akuti nambalayo ndi yake kuyambira kalekale, ndipo ngati sindigula usipa ndisamuthere batire.

Aliyense wandilandira bwino, aliyense wandiperekeza mpaka pakhomo. Zimenezi zikundiopsa kuposa akanandikalipira.

Madzulo ndikupita kwa mwini mtengo. Ndi a Makwinja, mkulu wopuma ntchito, nyumba yawo yayang'anana ndi pholo. Akhala pakhonde atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo, akutsokomola kochokera pansi pamtima. Matawale yonse ikudziwa kuti akhala akudwala. Ndikuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, za gawo loyamba, za likulu, za riboni. Sakundilola n'komwe kumaliza.

"Dulani, bambo, dulani! Ndikanakhala ndi mawondo ndikanadula ndekha. Chikwanje chili kuseriko."

Tsiku lonse ndakhala ndikufuna munthu wovomera, ndipo amene wavomera akufuna ndidule ineyo! Manja ndabisa kumbuyo. Ndikuthokoza, ndikubwerera chafutambuyo mpaka kugunda pholo ndi msana. Ndalumpha ngati ndaponda moto. Msana umawerengedwa? Palibe waona, kupatula mayi wokazinga zitumbuwa.

Nzeru ina: waganyu. Ndikuimbira a Nyirongo. Akuti wotuma waganyu ndiye wagwira.

Amake Tamanda aimba. Tamanda wauza kale kalasi lonse kuti adadi ake akubwera kudzakhaliratu. "Ulendo uno musatinamize, bambo ake Tamanda."

Ndati zonse zili bwino.

Lachitatu

Komiti yaikulu ikukumana kuphiri. M'tauni simakumana, akuti anthu amathawira kumaofesi awo nkhani isanathe. Kuphiri kulibe kothawira.

Msewu wokhotakhota, nkhungu, chisanu cholowa m'mafupa. Ndabwera ndi malaya opyapyala.

Alipo onse amene ndinawayendera dzulo. Akundipatsa moni ngati sitinaonanepo.

Nkhani ya nthambi ili kumapeto, pambuyo pa pemphero, malonje, mawu a wapampando, tiyi, ndi mtundu wa riboni. Riboni yadya nthawi yaitali. Yobiriwira akuti ndi ya chipani china, yachikasu ya chipani china, yabuluu ya chipani china. Agwirizana yoyera.

Nthawi yanga. Ndikuyendetsa foni kuti aliyense aone chithunzi cha nthambi. Akuigwira ndi zala ziwiri n'kupatsira mnzawo msangamsanga.

Funso loyamba: kudula nthambi ndi kukonza chakale kapena ndi chitukuko chatsopano? Ngati n'chitukuko chatsopano, chidikire gawo lachiwiri. Ngati n'kukonza, ndi ntchito ya a ku Zosamalira.

A ku Zosamalira: "Tikalandira tidzadula, osadandaula."

Ine: ndiye landirani.

A ku Zosamalira: "Lisakuyaka? Ayi ndithu."

Tazungulira pamenepo mpaka nkhomaliro. Nyani walowa pawindo, watenga buledi wa wapampando, watuluka. Palibe wamuthamangitsa. Ndikuganiza kuti aliyense amadikira kumva kuti nyani ali pansi pa ofesi iti.

Chigamulo: pakhale komiti yaing'ono yoona za nthambi. Ikumane sabata yamawa. Sabata yamawa! Ndikukweza dzanja kuti ndikumbutse za Lachisanu, koma bambo wina wafunsa kale: "Kodi ofisala amene ali pafupi ndi pholo limeneli ndani?" Mitu yonse yatembenukira kwa ine. Dzanja ndalitsitsa, ndayamba kumanga zingwe za nsapato zomanga kale.

Nkhungu itachoka ndikuima kunja. Tauni yonse ili pansi, malata a ku Matawale akunyezimira. Dzuwa lochuluka chonchi, likungotayika pamadenga a anthu, osafika pa sola yathu!

Potsika, m'galimoto, a Nyirongo akulankhula akuyang'ana pawindo: "Lachisanu likapanda kuyaka, mwambo sudzachitika. Ndipo likulu lidzafuna munthu wotsala nalo."

Ndiye zili chonchi:
- Ndikagwira, ndi langa.
- Ndikapanda kugwira, ndi langa.

Chakudya sichikulowa.

Lachinayi

Ndadzuka ndikupempherera mphepo. Yamphamvu, yolunjika, yothyola nthambi imodzi yokha n'kusiya madenga a anthu. Kunja kuli zii, ngakhale tsamba silikugwedera.

Ku Matawale zokonzekera zili m'chimake. Tenti yaima pabwalo la pakati pa msewu ndi nyumba ya a Makwinja, poti malo ena palibe. Mipando ya pulasitiki yafika. Miyala aipaka laimu. Amayi a kwaya akuyeserera nyimbo yolandirira alendo. Riboni yoyera ija aganiza zoimanga pakati pa mipando iwiri, chifukwa palibe akufuna kuimanga papholo. Anthu onse a boma akulilambalala patali ngati galu woluma. Ana okha ndiwo akulikwera.

Palibe akuyang'ana m'mwamba. Ndayesa kuloza nthambi kwa bambo wa tenti, akuti iye wabwerera tenti.

Kuofesi anzanga akulongedza. Wina akupita ku Mzuzu, wina ku likulu. Akuseka, akugawana makapu. Pakhonde ndakumana maso ndi maso ndi a Likoswe, kothawira kunalibe. Andigwira dzanja ndi manja awiri, kwa nthawi yaitali, maso odzala chifundo.

"Mukundikumbutsa ineyo ndili mnyamata."

Ndathamangira kuchimbudzi.

Ndili komweko nzeru yabwera. Lamulo likuti wogwira pholo. Ine sindigwira pholo, ndigwira mtengo, ndipo mwini mtengo analola. Komanso wogwira amadziwika ngati waonedwa. Alendo agona kuphiri lero, atsika mawa dzuwa litapendeka. Nthambi ikachoka mbandakucha, sola imwa dzuwa m'mawa wonse.

Pulani yatsopano:
- Kudzuka tambala woyamba.
- Chikwanje cha a Makwinja, kuseri.
- Kukwera mtengo, osati pholo.
- Kudula, kukokera nthambi kungalande.
- Kusowa.
- Akafunsa: mphepo.

Chabwino chimodzi: kamera yakufa siingandiulule.

Mtengo ndinakwera komaliza ndili ku pulayimale. Ndikuopa kugwa. Ndikuopa njoka. Ndikuopa agalu a ku Matawale. Koma ndikatseka maso ndikuona makiyi m'khosi mwa a Likoswe, ndiye zinazo zikuchepa.

Lachisanu

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

Mbandakucha ndili mumtengo. Thalauza lang'ambika pokwera. Nyerere zofiira zalowa paliponse. Ndikudula, ndikudula, chikwanje n'chobuntha. Kenako phofo! Nthambi yagwa. Sola ili poyera! Koma nthambi ili pansi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera m'mwamba, ndipo yagona chopingasa msewu.

Ndikukoka, siikusuntha. Ndikuidula tizidutswa, ndikuponya uku ndi uku. Kwayamba kuyera. Chitseko cha a Makwinja chikulira, minibasi ikubwera chapatali. Thunthu ndalikankhira kungalande, chikwanje ndaponya kuseri, ndathawa. Tinthambi ta masamba tatsala pamsewu, tina uku, tina kutsogolo.

Ku Sadzi ndikusamba, ndikuvala suti, ndikuimbanso mluzu. Chitsiru ine!

Ndikubwerera dzuwa litakwera. Tisanafike pamphambano wakabaza waima, watsika, wavula chipewa, akukankha njinga. Ndikumufunsa chavuta n'chiyani. Akuloza pansi.

Masamba pamsewu!

Mwana aliyense m'dziko muno amadziwa kuti masamba aawisi akaikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro. Ine ndemwe ndinaikapo masamba pa maliro a bambo anga. Mantha anandichotsa nzeru.

Ndipo taonani zimene munthu wodutsa akuona:
- masamba pamsewu
- tenti pakhomo pa a Makwinja
- mipando
- a Makwinja, amene aliyense akudziwa kuti akudwala, palibe pakhonde
- chitseko chotseka

Woyandikana nawo akuti anawaona m'mamawa akupita kuchipatala ndi mwana wawo wamkazi. Basi, nkhani yatha. Amayi akhala kale pansi mbali ina, abambo pamipando. Wina wabwera ndi nkhuni. Amayi a kwaya afika atavala yunifolomu, aona, asintha nyimbo. Kulira kwayamba cha kukhonde, kukufalikira.

Ndinene? Ndikanena kuti masambawa ndi anga, ndavomera kuti ndadula. A Nyirongo ali pomwepo, chipewa pachifuwa. Ndikuganiza: ndidikire pang'ono, wina azindikira. Ndaima manja kumbuyo, nkhope yachisoni. Chisonicho sichinali chonamizira.

Galimoto za alendo zatsika kuphiri. Zafika pamasamba, zachepetsa liwiro. Mlendo wamkulu watsitsa galasi, waona tenti, wamva nyimbo. Waitana a Nyirongo.

"Sitingadule riboni anthu akulira. Ndife anthu ifenso. Tidzakonza tsiku lina."

Wapereka chipepeso, wagwira dzanja abambo a kutsogolo, wagwiranso langa. "Limbani mtima." Galimoto zadutsa pang'onopang'ono mwaulemu, kenako zalunjika njira ya ku Songani. Ndaziyang'ana mpaka fumbi kutha.

Posakhalitsa kabaza waima. Akutsika a Makwinja, bulangeti paphewa, kathumba ka mankhwala m'manja. Akuyang'ana tenti, akuyang'ana anthu, akuvula chipewa.

"Pepani, pepani. Watisiya ndani?"

Sindinaonepo amayi akulu akuthamanga chonchija. Mipando kugwa, zitenje kutsala, nkhuni mbwee! Mmodzi wa kwaya wakomoka. Mwana wawo wamkazi, amake Joni, waima pakati pabwalo manja pamutu.

A Makwinja akweza maso kumtengo, kenako andiona. Nkhope yawo yawala.

"Mwadula, bambo? Mwachita bwino! Chikwanje mwabweza?"

A Nyirongo atembenuka pang'onopang'ono. Angondiyang'ana mmene anandiyang'anira a Likoswe dzulo.

Dzuwa litalowa nyali yayaka yokha. Yowala bwino zedi. Ikuunikira mipando yogwa ndi riboni yosadula.

Loweruka

M'mawa ndikupita kukapepesa. Ndanyamula shuga ndi buledi.

A Makwinja alibe nane mlandu. Akuti aona okha amene adzabwere pamaliro awo, ndipo pali ena amene sanabwere, awalemba mumtima. Chipepeso cha mlendo wamkulu akuti sabweza, poti anadzidzimuka ndithu.

Amake Joni ndi nkhani ina. Buledi alandira, koma mpando sanandipatse.

"Mwaliritsa anthu maliro a bambo ali moyo. Akangoti atsokomole molakwika mwezi uno, kwanu ku Sadzi tikukudziwa."

Pomwepo a Makwinja atsokomola. Ndatsanzika msangamsanga.

Masana a Nyirongo andiitana kuofesi. Makatoni awo ali kale m'galimoto. Akulankhula mofatsa ngati dokotala. Ntchito ya Mzinda Wamakono yatsekedwa monga mwa dongosolo. Likulu lakondwa kumva kuti pholo likuyaka. A ku Zosamalira nawonso akondwa, akuti ali okonzeka kulandira tsiku lililonse, bola pakhale mwambo. Mwambo udzakonzedwa mtsogolomu, akuluakulu akadzapeza mpata. Pakadali pano pholo likufunika munthu.

"Ndiye poti inu mwaonetsa kale chidwi..."

Ndafunsa za ku Blantyre. Akuti aikapo wina mongoyembekezera. Ndafunsa kuti mtsogolomu ndi liti. Andigwira paphewa. "Ndinakuuzani Lolemba, achimwene."

Anandiuzadi. Anandiuzanso Lachitatu zosiyana nazo, koma galimoto inali italira kale.

Komiti yaing'ono yoona za nthambi akuti ikumanabe sabata yamawa. Wapampando ndine.

Foni ndaigwira, ndaisiya, ndaigwiranso. Pomaliza ndaimba. Ndafotokoza zonse, nthambi, masamba, tenti. Ndimayembekeza kuti amake Tamanda akalipa, kapena aseka. Sanakalipe, sanaseke. Kumbuyo ndikumva Tamanda akufunsa ngati ndi adadi, ngati akwera basi ya m'mawa kapena ya masana.

"Mumuuze nokha. Ine sinditha."

Ndamuuza. Sanalire. Wangofunsa kuti pholo limeneli lilibe adadi ake eniake?

Ndalira ndine, foni itaduka.

Lamulungu

Kutchalitchi. Nthawi ya mapemphero a odwala ndaimirira ndekha kutchula a Makwinja. Ambuye awapatse mapapo atsopano, mawondo atsopano, zaka zambirimbiri. Sindinapemphererepo munthu ndi mtima wonse chonchi, ngakhale m'bale wanga.

Kunyumba ndikumasula katundu. Mbale zabwerera pamalo pake. Eni nyumba akuti mwamwayi anali asanapeze wina wolowa.

Masana ndadutsira ku Matawale. Tenti yachoka, masamba asesa. Mayi wa zitumbuwa wasamukira pansi papholo chifukwa cha nyali, akuti madzulo malonda akuyenda. Ana akundilozerana: "Eni pholo awo!" A Makwinja ali pakhonde, akudya chinangwa. Ndawafunsa za chifuwa mpaka adabwa.

Ndaima kutsogolo kwa kamera, ndaibayibitsa. Kuofesi kulibe woonera. Kanema wamkulu uja amusamutsira kuchipinda cha kumapeto kwa khonde, pamodzi ndi tebulo langa.

Pobwerera ndapeza a Likoswe akundidikira pakhomo, atavala za kutchalitchi. Ayenda wapansi mpaka ku Sadzi. M'manja muli kapilo kakale, kosokedwa ndi zigamba.

"Mpando wa m'chipinda muja ndi wouma. Aka kanali kanga, ndinasoketsa kena."

Ndawaphikira tiyi. Lero sindinawaope. Akuti banja lawo linawatsatira kuno patapita nthawi, ana anakulira konkuno, Zomba si malo oipa. Akuti ndisamafunse za mwambo pafupipafupi, zimakwiyitsa akuluakulu. Potsanzikana afunsa ngati ndinayang'ana bwino mtengo uja.

Ndinayang'ana. Pamwamba pa pomwe ndinadula pali nthambi ina, yanthete, yaweramira kale ku sola. Mvula ikagwa ifika.

Amake Tamanda atumiza uthenga: ndifunse ngati kusukulu za kuno kuli malo.

Mawa:
- Kufunsa za sukulu.
- Mankhwala a chifuwa a a Makwinja.
- Chikwanje changachanga, chakuthwa.